Mbale za Yosefe Zikadali Pakabati

Mtendere, Lusaka
Lachinayi masana

Thoko mwana wanga,

Ndakhala pansi kulemba pamene iwe uli m'tauni kukagula tiketi. Ndikudziwa kuti useka, uti anthu ogona chipinda chimodzi akulemberana kalata ngati wina ali ku Joni. Seka, palibe kanthu. Pakamwa umandiposa. Ndikayamba kulankhula umandidula ndi Chingerezi, mutu wanga n'kutentha, zonse zimene ndinakonza kunena n'kubalalika. Papepala sungandidule. Dzanja langa ndi lochedwa ndipo magalasi aja anathyoka mwendo, choncho ukaona zilembo zapendama usadabwe.

Mawa ukwera basi ya ku Kitwe kukayamba koleji. Amayi ena akanakulembera za kupemphera ndi za anyamata a kumigodi. Zimenezo ndakuuza mpaka makutu ako anaphwa. Zovala zako ndachapa, ndasita, zili pabedi. Mankhwala a malungo ali m'sokosi yofiira. Chitupa ndi makalata a sukulu ndakulunga m'pulasitiki kuopa mvula, usazichotsemo. Madzi a kumeneko uziwiritsa ngakhale anzako azikuseka. Siketi yakuda ija zipi yake ndi yofooka, uzikoka pang'onopang'ono.

Koma chimene chandikhazika pansi si zimenezi. Ndi mbale zija zili pamwamba pa kabati.

Dzinja lapitali amalume ake a Yosefe anabwera pano ndi mbale ziwiri zovundikirana, zomangidwa m'nsalu yoyera, kudzakupempha ukwati. Tinazilandira ine ndi amalume ako a ku Chawama. Mwambo umenewu si wa kwathu ku Katete, tinaupeza muno m'tauni, koma aliyense amaudziwa. Mukavomera, mumabweza mbale muli nkhuku yophika. Mukakana, mumazibweza monga zinabwerera, mfundo yosamasula. Iwe unati, "Ba mami, lekani niganize." Mvula inatha, chimanga cha m'mbali mwa msewu chinauma, chisanu chinabwera n'kupita, tsopano ndi fumbi lokhalokha, mbale zikadali pomwepo. Ndimazipukuta Loweruka lililonse. Mfundo sindinaikhudze.

Dzulo nditakufunsa, unayankha uku ukupesa tsitsi, osandiyang'ana. Unati, "Yosefe si mwana. Azaona kuti nayenda, azaziba yeka."

Mawu amenewo anandibaya chifukwa sikanali koyamba kuwamva pakamwa pako.

Ukukumbukira nkhani yako ija imene aphunzitsi anaiyamikira, ya mayi wokhala yekha m'nyumba ya lendi? Ndinanyada nayo kwambiri moti ndinaitenga kumsika. Masana, pamene ogula kulibe, ndipo masiku ano sakhalako kawirikawiri, ndinaitana anzanga a pamzere wa tinsomba ta kapenta ndi nyemba kuti ndiwawerengere. Anakhala pamasaka, ena ana kumsana. Ndinawerenga bwino, osathamanga. Tinafika pamene mayi uja akutsuka mbale, wamva kugogoda, waimirira, wapukuta manja pachitenje, wagwira chogwirira cha chitseko. Msika wonse unali zii. Ndinatembenuza pepala. Kumbuyo kunali koyera.

"Manje?" anatero bana Bwalya, aja ogulitsa tomato pambali panga.

Ndinasanthula mapepala onse, ndinayang'ana pansi pa tebulo.

"Ba neba, pepala inangu mwamangila kapenta. Sakilani bwino mu chola."

"Ni ndani anagogoda?" wina anafunsa. "Ni mwamuna wake?"

"Mwamuna wa kuti? Ni ba landilodi abo, mwezi wasila!"

Anaseka mpaka kugwirana mapewa. Ine sindinaseke. Ndinaweruka msanga tsiku limenelo, ndinafika kunyumba n'kutembenuza matiresi kufuna pepala lotsala, mtima uli m'mwamba kuti ndataya ntchito ya mwana wanga. Iwe utabwera unaseka kuposa a kumsika. Unati, "Ba mami, yasila pamene apo. Kulemba ati 'Yatha' ni va bana ba giredi wanu. Wobelenga wanzelu aziba yeka."

Ndiye kuti ine si wanzeru, ndipo sindikukana. Sukulu ndinalekezera giredi seveni. M'mabuku amene tinkawerenga, nkhani ikatha ankaika kamzere kapena liwu loti yatha, ndipo tinkatseka buku mtima uli m'malo. Ngakhale pawailesi, wokamba nkhani akamaliza amanena, kenaka nyimbo n'kulira, iwe n'kudzuka kukachita zina. Palibe amene anaona kuti akumuyesa mwana.

Ndisakunamize, ndaganizapo za mbali yako. Mpaka lero bana Bwalya akandiona amati, "Ba neba, uja wogogoda akaliimilile panja?" Nkhani zambiri zimene tinamva mathero ake tinaziiwala, koma yako sanaiiwale. Mwina aphunzitsi ako sakunama. Komatu bana Bwalya amafunsa akuseka, manja akupanga milu ya tomato. Sanataye kanthu. Papepala munthu angaime pachitseko mpaka Yesu adzabwere, miyendo yake siitupa. Ine ndikunena za anthu a miyendo yotupa.

Ndikuuze za maliro a agogo ako, amayi a atate ako. Iwe unali kumsana, tikukhala m'komboni ya George. Inali nthawi ija ya mizere, pamene ufa unkagulidwa ndi makuponi ndipo munthu ankalowa pamzere asanadziwe chimene chikugulitsidwa kutsogolo. Agogo ako anamwalirira m'nyumba mwathu. Tinaika bwino. Mwambo wake ndi woti m'mawa mwake wamkulu wa banja aimirire pabwalo, athokoze anthu, anene kuti maliro atha, phulusa lisesedwe, aliyense abwerere kwawo. Wamkulu amene anayenera kunena mawuwo anamva kuti pali lole yopita ku Katete yonyamula anthu ulere, ndipo anathamangira imeneyo kusanache bwino. Ndinauza atate ako kuti aimirire iwo. Anati, "Anthu ali ndi maso. Aona okha kuti tinaika."

Ine ndinali mpongozi chabe, ndinachita manyazi kuumiriza. Apo ndiye ndinalakwa. Anthu sanachoke. Tsiku linadutsa, linanso, linanso. Azimayi anali m'nyumba, azibambo panja pamoto. Ena anatsalira njala, sindingawanene, panyumba ya maliro pokha ndi pamene m'phika unkatereka kawiri. Ufa wa mwezi wonse unatha, tinayamba kubwereka. Nkhuni zitatha anawotcha benchi yathu, kenaka chitseko cha kubafa. Ine ndinkaphika misozi ili m'maso, anthu n'kumati mpongozi uyu ankawakonda apongozi ake.

Amene anatipulumutsa ndi a Sakala, mkulu wina woyandikana nafe, amene sankaonedwa ngati munthu chifukwa cha kachasu. Anaimirira akudzandira nati, "Imwe bantu, bakufa tinashika mu manda kudala. Manje mulindila ndani? Ine? Nikalipo, sinifa lelo. Malilo yasila, yendani!" Anthu anaseka, anaimirira, anakutumula zitenje. Madzi a tiyi asanawire bwalo linali mbee. Mayi wina amene tinkapemphera naye anandigwira dzanja potuluka nati, "Zikomo amake Thoko. Ndinasiya mwana akudwala kunyumba, koma ndikanachoka bwanji tisanamasulidwe?"

Mawu a mayi ameneyo uwasunge. Anali ndi maso, anaona kuti tinaika, nzeru anali nazo. Chinamumanga ndi ulemu. Anthu amwano sadikira kuuzidwa, amadzichokera okha. Amene amavutika ukapanda kunena kuti chinthu chatha ndi anthu aulemu. Yosefe ndi waulemu, Thoko.

Tsopano za atate ako. Sindinakhalepo nawe pansi kukuuza bwinobwino, umangotola apa ndi apo. Kampani imene ankagwirako itagulitsidwa, anawachotsa onse. Anayenda m'mageti a ku mafakitale mpaka nsapato zinabooka, kenaka anangokhala pansi pa mtengo wa mango, osalankhula ndi munthu. Mnzawo wina woyendetsa thiraki anawauza kuti ku Botswana kuli ntchito ya zomangamanga. M'mawa umene ananyamuka ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Anati, "Ndibwera zinthu zikakhala bwino." Funso linali pakamwa panga, loti nanga zikapanda kukhala bwino? Ndinalimeza. Ndinaopa kuti angati ndikuwalodza ulendo. Uzifunsa, mwana wanga. Funso lowawa uzifunsa munthu akadali pamaso pako.

Poyamba madalaivala ankabweretsa sopo ndi mafuta ophikira. Kenaka ankabweretsa moni wokha. Kenaka anayamba kundizemba. Wina anati anawaona ku Francistown ali ndi mkazi wina. Wina anati anawolokera ku Joni. Wina anati anamwalira m'chipatala opanda wachibale. Aliyense ankanena motsimikiza, ndipo aliyense anamva kwa wina.

Patapita zaka ndinapita kwa akulu awo a atate ako. Ndinagwada, ndinati ndimasuleni, kaya ndi monga wamasiye kaya ndi monga wosiyidwa, chilichonse ndilandira. Anandiyankha mwaulemu ndithu. Anati, "Mlamu, timeta bwanji maliro mtembo tisanauone? Nanga tikusudzulani bwanji mwini wake asananene? Akadzatulukira mawa tidzamuuza chiyani?" Sindinawakwiyire. Nawonso ali pamzere womwewo.

Ukudziwa mmene zimakhalira kutchalitchi? Akati amayi amasiye aimirire tiwapempherere, ndimadzuka theka n'kukhalanso. Akati a pabanja atsale tikambirane, ndimagwira chikwama osadziwa kuti ndituluke kapena ayi. Achitsikana amene ndinawaona akubadwa amandiyang'ana ndi chisoni. Atate ako akanatumiza mawu awiri okha, oti sindibwera, ndikanalira mwezi, mwina chaka, n'kupukuta maso. M'malo mwake ndakalamba ndikumvetsera mapazi a anthu odutsa. Sindikudziwa ngati ndiwakwiyire kapena ndiwalire, ndiye ndimachita zonse ziwiri pang'onopang'ono, ndipo zimatopetsa kuposa kusenza madzi.

Nanenso ndinakupatsirako matendawa. Unkandifunsa uli wamng'ono, ine n'kumati abwera pa Khirisimasi. Khirisimasi ikadutsa, n'kumati abwera pa Isitala. Thiraki ikalira pamsewu unkathamanga wopanda nsapato. Ndinkaganiza kuti ndikukuteteza.

Ndiye tsiku lija kumsika, pamene ndinkawerenga za mayi wopukuta manja pachitenje, usaganize kuti sindinamuzindikire. Ndinangolimba nkhope pamaso pa anzanga. Ndipo ngati sukudziwa amene anagogoda, ndifunse ine, chitseko chimenecho ndachitsegula kosawerengeka. Amakhala mwana wa aneba, ali ndi kachitini m'manja, akuti amayi akupempha moto.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinachita bwino, ndipo ndikuuza kuti uone mbali inayo. A Lungu, aja ogulitsa makala pafupi ndi mpope, mkazi wawo atamwalira anandifunsira. Anali munthu wabwino, ndipo iwe unkafunika yunifomu. Ndinaganiza sabata imodzi, kenaka ndinapita ndekha pamalo awo n'kuwauza kuti ayi, sindinamasulidwe, musandidikire. Nkhope yawo inagwa. Anakhala nthawi osandipatsa moni, akandiona ankayang'ana m'thumba la makala. Zinandiwawa. Koma chaka chisanathe anakwatira ku Matero, lero ali ndi ana, ndipo ndikagula makala amandiikira mbasela pamwamba. Bala la mpeni limapola. Chimene sichipola ndi munga wothyokera m'kati.

Sindikanalemba zonsezi pakanapanda zimene zachitika lero.

Utangotuluka, ndamva wilibala ikulira pakhomo. Ndi Yosefe. Wabwera wapansi kuchokera ku Kalingalinga kumene amawotcherera mageti, thukuta lili chuchuchu, akukankha thiranki yachitsulo yatsopano. Waipanga yekha. Ngodya zake wazisalaza kuti zisakung'ambire zovala, m'kati waikamo kachipinda ka mapepala, loko ndi makiyi ake awiri zili m'thumba la pepala. Ukudziwa mmene magetsi akuvutira masiku ano, amabwera nthawi imene afuna. Sindikudziwa kuti mnyamata ameneyu anaipanga liti.

Wagwada pakhomo, chipewa m'manja. Akuti, "Ba mami, namvela ati bayenda mailo. Nenze nafuna bankale na posungila mabuku. Ku koleji kuli bakawalala."

Ndamuthokoza, ndamupatsa madzi. Pomwe amamwa, maso ake anapita pamwamba pa kabati n'kubwerera msanga. Ndinaona. Iyenso anaona kuti ndaona.

Pachivundikiro walembapo ndi penti yoyera, zilembo zowongoka bwino, THOKOZILE. Kutsogolo kwa dzinalo wasiya malo. Ndinafunsa kuti bwanji sunamalize. Anakanda m'mutu nati, "Zina yachibili sinazibe yolemba, ba mami. Kapena ya batate bake, kapena..." Kenaka anati, "Penti ikaliko. Nizalindila."

Ndinasowa poyang'ana. Ndinamva ngati ndine ndamubera. Wanyamula wilibala yake wapita, ndipo pokhota pampope anatembenuka kawiri.

Sindikukuuza kuti umukwatiwe. Umve bwino pamenepa, chifukwa ndikudziwa udzati amayi akundigulitsa ndi thiranki. Ayi. Ndakubereka ndine, ndipo ndikuganiza kuti yankho lako ndikulidziwa. Unamukonda muli ana, mukugawana chimanga chowotcha pobwera kusukulu. Iye anatsalira giredi naini, iwe unapitirira, ndipo tsopano akalankhula umayang'ana kumbali. Si tchimo. Mtima sukokedwa ndi chingwe. Ngati ndalakwitsa, ngati ukumufuna koma ukuopa kuti ukwati ungakutsekere sukulu, nenanso zimenezo, amalume ako akakambe kuti adikire mpaka umalize, adziwe chimene akudikira. Mayankho onse awiri ndi aulemu. Chopanda ulemu ndi kukwera basi mwakachetechete.

Ndikudziwa chimene ukuopa. Ukuopa nkhope yake pamene ukumuuza. Ukuopanso pakamwa pa anthu a m'komboni, kuti adzati wayamba kudzimva chifukwa cha koleji. Adzanenadi. Adzanena pampope, adzanena m'minibasi, bana Bwalya adzandifunsa kumsika. Sabata isanathe mwana wa wina adzatenga mimba kapena katundu adzakweranso mtengo, ndipo adzakuiwala. Koma ukangopita chete, Yosefe sadziwa yekha. Adzati mwina ndi mayeso amutanganitsa. Adzati mwina kalata inasochera. Tchuthi chikafika azidzadutsa pano ngati akupita kwina. Atsikana abwino adzamudutsa, iye akusunga kachitini ka penti. Ndipo iwe udzakhala kutali, amene ndizikumana naye panjira ndi ine. Sindingathe, Thoko. Ndadikira kokwanira m'moyo wanga, sindingakhalenso mlonda wa kudikira kwa mwana wa eni.

Za nkhani zako zolemba, ukachite monga akakuphunzitsire, iwo ndi amene adziwa. Ndingopempha kuti uzikumbukira kuti owerenga ako si aphunzitsi okha. Ena ndi ife, owerenga ndi chala, amene tikaona pepala loyera timayamba kudziimba mlandu kuti tataya china. Ngati liwu loti yatha likuchititsa manyazi, ika kamzere, kanyenyezi, chilichonse chotiuza kuti tingadzuke tsopano. Mayi wa m'nkhani yako uja musiye aime pachitseko ngati ukufuna. Koma ife timasule. Ndipo kumene ukupitako, ukasiya chibwenzi uzinena, ukasiya ntchito uzinena, ukachoka m'nyumba ya eni uzitsanzika. Ngakhale ine, ukadzaona kuti moyo wako uli kwina ndipo ku Mtendere sudzabwereranso kudzakhala, udzandiuze poyera. Ndidzalira, koma ndidzapereka bedi lako kwa wina.

Tsono mmene ndakonzera ndi umu. Ndatuma mawu kwa amalume ako kuti afike m'mawa kwambiri. Nkhuku ndapeza kwa amake Chanda, ndaimanga mwendo kuseri. Ndapemphanso katoni yaikulu pakantemba kogulitsira sopo ndi shuga, yolimba, ndi chingwe chake. Zovala zako sindinalongedze, ndipo sindilongedza mpaka unene. Ukati inde, nkhuku ndiphika lero lomwe, zovala zilowa m'thiranki. Ukati ayi, nkhuku ndibweza, zovala zilowa m'katoni, ndipo mbale ndi thiranki zipita ndi amalume ako. Sungapite ku Kitwe utanyamula thukuta la munthu amene sunamuyankhe. Kalingalinga ili panjira ya kutauni. Titsika pamenepo, amalume ako akaonana ndi akulu a kwawo kwa Yosefe, iwe ukaima pamaso pa Yosefe n'kumuuza ndi pakamwa pako. Ine ndidzaima patali, sindidzamvetsera. Basi siikusiya, ndafunsa kale nthawi yake.

Kalatayi ndiisiya pamwamba pa zovala kuti usaiphonye. Ukamaliza kuwerenga usayambe kundifotokozera zambiri, mutu ukundipweteka kuyambira m'mawa. Undipeza kuseri ndikusankha nyemba. Ungondiuza chimodzi, thiranki kapena katoni, kuti ndidziwe ngati nditereke madzi a nkhuku dzuwa lisanalowe.

Ndine mayi wako,
Esinati